Nsapato za pa kaunjika zomwe ndinapita nazo ku maphunziro a usilikali

Nsapatozi ndinazigula mumsika wa pa Mangochi boma, kwa bambo wina amene amatsegula mabele a nsapato zokhazokha, kutatsala miyezi itatu kuti ndipite ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima. Anatchula K35,000, titanenerera tinagwirizana K27,000. Ndi zothamangira, pamwamba pake nsalu yonga ukonde, soli yofewa koma yokhuthala kuchidendene. Mwini wake woyamba anazivalako ndithu, komabe mano a pansi anali asanaperepeseke. Ndikuzipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ine ndimavala nambala 8. Bamboyo ataona kuti ndatola 8, anandilanda n'kundipatsa 9. "Achimwene, phazi likatenthedwa limatupa. Ikani chala cha m'manja kutsogoloku, ngati sichikulowa musagule." Ndinkaganiza kuti akungofuna kugulitsa zomwe zatsala, koma ankanena zoona. Amene amakhala kuno akudziwa mmene phula limatenthera mu Okutobala. Ukathamanga mtunda wautali phazi limadzaza nsapato yonse, ndipo ikakhala yothina chikhadabo cha chala chachikulu chimada kenako n'kuzuka. Mnzanga amene tinkathamanga limodzi zinamuchitikira.

Tsiku lililonse ndinkayambira pa Clock Tower m'bandakucha, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kulowera msewu wa ku Namwera. Loweruka ndinkapitirira mpaka kukayamba chitunda cha ku Chowe. Potsika m'pamene ndinaikondera soli imeneyi, chifukwa mawondo sankawawa ngati mmene ankachitira ndi nsapato zanga zakale zopyapyala zija.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa chifukwa ichi. Sabata yachitatu, soli ya kumanzere inayasama kutsogolo ndili pakati pa ulendo. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti inali itamatidwapo kale ndi guluu, n'kupakidwa bwinobwino kuti isaoneke. Kaya wogulitsayo ankadziwa kaya ayi, zinandiwawa, chifukwa ndalamayo inachokera kwa mayi atagulitsa mbuzi. Wosoka nsapato wa pafupi ndi depoti anazisoka zonse ziwiri kuzungulira ndi ulusi wolimba pa K3,000, ndipo kuyambira pamenepo sizinatsegukenso. Mukagula za pa kaunjika, pitani nazo kwa wosoka tsiku lomwelo, musadikire kuti ziyasame. Nsalu ya ukondeyo imalowetsanso mchenga, moti kunyanja sizoyendera, koma ubwino wake ukachapa masana pofika madzulo zauma.

Kumaphunziro ndinaona phindu la kuzigula msanga. Ena anafika ndi nsapato zatsopano zonyezimira, zogula dzulo lake, ndipo m'masiku ochepa zidendene zinali matuza okhaokha. Kumeneko matuza sakupatsa tchuthi. Mawa lake uyenera kulowetsa phazi lomwelo mu jombo, ndipo jombo ilibe chisoni. Zangazi zinali zitazolowera kale phazi langa, phazinso litalimba.

Polongedza, masokosi ndinawapinda n'kuwalowetsa m'kati mwa nsapatozo kuti malo m'chikwama asawonongeke. Tengani masokosi okhuthala angapo, zingwe za nsapato zapadera, singano ndi ulusi, komanso Vaseline wopaka m'zala ndi m'ntchafu pomwe pamakhulana. Dzina lanu lilembeni pa lilime la nsapato ndi cholembera chosafufutika, chifukwa zikayanikidwa pamodzi zambirimbiri zimafanana. Satifiketi ya MSCE ndi chiphaso cha unzika ndinazikulunga m'jumbo n'kuziika pakati pa zovala, kutali ndi sopo ndi polishi. Zinazo tsatirani zomwe zalembedwa m'kalata yokuitanani. Ine ndinanyamulanso nsapato zotchenera, zinangolemetsa chikwama kuchoka kuno kudzera ku Golomoti mpaka ku Salima, osazivala ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndabwera nazo kuno pa tchuthi. Chidendene cha kumanja chadyeka mbali imodzi ndipo nsalu yabooka pa chala chaching'ono, koma ulusi wa wosoka uja ukadali nganganga. Mng'ono wanga wazitenga, wayamba kuthamanga nazo m'mawa kuwoloka mlatho womwe uja.