Wailesi ya VHF ya m'boti: imagwira bwino, koma konzekerani nkhani ya nthambo

Ndakhala ndi wailesi imeneyi, yolankhulirana ndi maboti ena, kwa miyezi 7 tsopano, ndipo ndinaimanga ndekha m'boti langa. Kale ndinkadalira kawailesi kam'manja ka 5W, koma ndikapita kutali pang'ono anzanga ankangomva phokoso. Iyi ndi yokhazikika, ya 12V, ndipo imatulutsa mphamvu ya 25W kapena 1W mukamalankhula ndi boti lomwe lili pafupi. Ndiyambe ndanena kuti sindinong'oneza bondo. Koma masiku awiri oyamba ndinatuluka thukuta, ndipo zina mwa zimene zinandivuta wopanga akanatha kuzipewa.

Kuikhomera pamalo pake sikunavute. Chitsulo chogwirira ndi masikuluwu zinabwera m'bokosi momwemo. Chokhacho choti musaiwale n'chakuti sipika ndi maikolofoni zili ndi maginito, ndiye mukaiyandikiza kampasi, singano imapotoka. Ndinayamba ndaigwira m'manja n'kumaisuntha uku ndikuyang'ana kampasi, kenako n'kuboola pamene singano inasiya kugwedezeka.

Vuto linabwera pa nthambo ya magetsi. Imene anaika m'bokosi ndi yaifupi, ndipo batire langa lili kumbuyo pafupi ndi injini. Ndinalumikiza waya wina amene ndinali naye, wowonda ndithu. Wailesi inayaka bwinobwino, ndikumva anthu akulankhula, ndipo ndinaganiza kuti ntchito yatha. Nditadina batani lolankhulira pa 25W, sikirini inazima, wailesi n'kuyambiranso yokha. Pa 1W sinkachita zimenezi. Ndinatsala pang'ono kuibweza poganiza kuti ndi yowonongeka. Koma nditayeza ndi mita, ndinapeza kuti pa batire pali 12.6V, pomwe pa wailesi magetsi ankatsika kufika pansi pa 11V ndikangodina batanilo. Wailesi ikamangomvetsera imakoka magetsi ochepa kwambiri, koma ikamatumiza mawu ndi mphamvu yonse imakoka pafupifupi 5A kapena 6A, ndipo waya wowonda komanso wautali amadya gawo la magetsiwo m'njira. Ndinachotsa zonse n'kuika waya wa 2.5 mm², wakopa wokutidwa ndi tini kuti chinyontho chisamudye, wofiira ku + ndi wakuda ku −, ndipo fyuzi ndinaiika pafupi ndi batire, osati pafupi ndi wailesi, kuti iteteze waya yense. Kuyambira tsiku limenelo sinazimenso. Chimene chimandipweteka n'chakuti kabuku ka malangizo sikanena chilichonse za makulidwe a waya wowonjezera. Mizere iwiri yokha ikanandipulumutsa tsiku lathunthu.

Eriyo sibwera limodzi ndi wailesi, mumagula padera. Mawu a VHF amayenda molunjika, sakhota kutsatira kupindika kwa dziko, choncho kutalika kwa malo amene mwaika eriyo kumathandiza kwambiri kuposa mphamvu ya wailesi. Yanga ndinaikweza pamwamba pa denga, itaima chilili. Nthambo yake iyenera kukhala ya 50 ohm. Ya TV ndi ya 75 ohm ndipo siyenera, ngakhale imaoneka yofanana. Ndinasankha nthambo ya mtundu wa RG-8X m'malo mwa RG-58 chifukwa imataya mphamvu yochepa, ndipo ndinaidutsa kutali ndi mawaya a injini. Pulagi ya PL-259, ya kumapeto kwa nthamboyo, ndinaiwotcherera kawiri, chifukwa ulendo woyamba kawaya kamodzi ka kunja kanakhudza ka pakati. Mwamwayi ndinayeza ndisanalumikize. Ndikupemphani, musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe, mutha kuotcha wailesi yatsopano. Mnzanga anandibwereka mita ya SWR, yoyezera ngati eriyo ikugwirizana bwino ndi wailesi, ndipo inasonyeza 1.4, zomwe zili bwino. Polumikizira pa panja ndinakulungapo tepi ya labala yomatirira yokha, chifukwa madzi akalowa m'nthambo imeneyi amaiwononga mwakachetechete.

Chimene ndinagulira wailesiyi makamaka ndi DSC, batani lofiira lomwe lili pansi pa kachivindikiro. Mukalidina n'kuligwira kwa masekondi angapo, limatumiza uthenga wa ngozi pa tchanelo 70, wokhala ndi nambala ya boti lanu ndi malo amene muli, kenako wailesi imapita pa tchanelo 16, ya ngozi ndi yoitanirana, kuti mulankhule. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha mutalowetsa nambala ya botiyo, yotchedwa MMSI, ya manambala 9, ndiponso wailesi ikudziwa pamene muli. Nambalayi ilowetseni modekha, chifukwa yanga imalola kamodzi kokha. Mukalakwitsa muyenera kupita nayo kwa ogulitsa. Yanga ilibe GPS ya mkati, ndiye ndinailumikiza ku GPS ya m'boti kudzera pa NMEA 0183, njira imene zipangizo za m'boti zimatumizirana uthenga. Apa ndi pomwe ndinadandaulanso. Timawaya take ndi towonda ngati ulusi, ndipo mitundu yake sikugwirizana ndi ya mbali ya GPS, moti ndinakhala ndi timabuku tiwiri pamwendo ndikulondola kawaya kotulutsa uthenga ndi kolandira. Nditaika liwiro la uthengawo pa 4800, manambala a malo anaonekera pa sikirini, ndipo mtima unakhala pansi. Ndikanadziwa, ndikanagula ya GPS ya mkati.

Pamadzi ndiye ilibe chilema. Sipika ndi yamphamvu moti ndimamva injini ikulira. Chokonzera squelch, chomwe chimatseka phokoso pakakhala palibe wolankhula, ndi chopotokola ndi zala, osati cholowera m'mamenyu, ndipo zimenezi zimathandiza manja akakhala onyowa boti likudumpha pa mafunde. Ndimaisiya ikumvetsera tchanelo 16 pamodzi ndi tchanelo yomwe timagwiritsa ntchito ndi anzanga. Mvula yaiwomba kangapo konse ndipo madzi sanalowe. Usiku kuwala kwa sikirini kumachepetseka mpaka kosathobwa m'maso.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha nthambo yaifupi ndi kabuku kosafotokoza mokwanira. Ngati mukuigula, gulirani limodzi waya wonenepa, fyuzi yapadera ndi tepi ya labala, ndipo bwerekani mita ya SWR musanatsekere mawaya m'makoma a boti.