Musanatiuze kuti tikutumizireni mapeleti a cockatiel kuchokera ku Joni

Mauthenga ochokera ku Lilongwe achuluka masiku ano: "Achimwene, munditumizireko mapeleti a mbalame, akuti njere zimapha." Ife amene tili ku Johannesburg, ena m'mashopu a ziweto, ena m'makomo momwe amaweta ma cockatiel, mbalame zazing'ono za mtundu wa zinkhwe, timatumiza ndithu. Koma kawirikawiri uthenga wachiwiri umakhala woti mbalame yafa. Mapeleti, chakudya cha mbalame choumbidwa ku fakitale ngati timibulu, alibe mlandu, abale anga. Chimene chikupha mbalame zanu ndi malangizo amene akubwera limodzi ndi thumbalo.

Zoti njere zokhazokha zimadwalitsa n'zoona. Njere ya mpendadzuwa pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo mawere ndi mchewere alibe vitamini A ndi kashiyamu wokwanira. Kwawo ku Australia cockatiel imauluka mitunda italiitali kufunafuna chakudya, mafutawo amatha. Yanuyo imangokhala pakamtengo pakhonde ku Area 47. Mapeto ake chiwindi chimadzaza mafuta, mphuno zimatsekeka, yaikazi dzira limaikanirira, mbalame yoyenera kukhala zaka 15 mpaka 20 n'kufa isanafike pena paliponse.

Tiyambe ndi thumba lenilenilo, poti ndalama zimayambira kuthera pamenepo. Cockatiel imodzi imadya magalamu 15 kapena kucheperapo patsiku. Kilo imodzi ndiye kuti ndi ya miyezi iwiri kapena kuposerapo. Nanga wogulitsa amakukakamizirani bwanji thumba la makilo 5 kuti "n'lotchipa"? Limenelo ndi chakudya cha miyezi 11! Thumba likatsegulidwa, mavitamini amayamba kuchepa mphamvu, mafuta ake amasasa, ndipo mvula ya Disembala mpaka Malichi ikayamba, chinyezi chimabweretsa chuku, anankafumbwe nawo osachedwa. Mudzadyetsa kilo imodzi ndi theka, zotsalazo mudzataya. Gulani kilo imodzi kapena ziwiri, a tinthu ting'onoting'ono olembedwa kuti ndi a cockatiel kapena budgie (kambalame kena kocheperapo ka mtundu wa zinkhwe), osati akuluakulu a zinkhwe. Sankhani opanda utoto, chifukwa amitundumitundu aja mbalame imangotola mtundu umodzi, komanso utotowo umasintha maonekedwe a zitosi, pamene zitosizo ndi zimene mukhale mukuziyang'ana tsiku ndi tsiku.

Kenako onyamula katundu. Kuno mumagwirizana mtengo, mwalipira, mwajambula risiti. Katundu akafika ku Lilongwe, wokatenga amauzidwa kuti pali "ya paboda" imene sinatchulidwepo, ndipo akachedwa tsiku limodzi pabweranso "yosungira". Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena amawerengetsa zowonjezerazi pa mtengo wa randi wodzipangira okha. Kathumba ka kilo imodzi kamafika m'manja mwanu katawononga ndalama yoposa imene kanagulidwira. Chowawa kwambiri n'choti analonjeza kukaika mkati, koma kayenda m'ngolo ya kumbuyo, kudutsa Beitbridge ndi kutentha kwa ku Tete, katapanikizana ndi sopo wa ufa ndi zigubu za mafuta. Mapeleti amayamwa fungo. Mbalame yosankha kale zakudya singakhudze zonunkha sopo. Alipo mayi mmodzi yekha pa njira imeneyi amene ndingamuchitire umboni: amayeza katundu inu mukuona, amalemba mtengo wonse mpaka pofikira, amafunsa ngati mkati muli chodyedwa n'kuchiika pachokha, ndipo ndi yekhayo amene amauza anthu kuti asatumize thumba lalikulu ngakhale akanapindula nalo. Wonyamula amene akukana kulemba mtengo wonse, musiyeni.

Samalaninso ndi ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp amene amapima mapeleti m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina. Ena ndi chakudya cha nkhuku basi. Cha nkhuku zoikira chimakhala ndi kashiyamu pafupifupi 4 peresenti, pamene cha cockatiel nthawi zambiri sichifika 1 peresenti, ndipo wochuluka chonchoyo amawononga impso. Cha nkhuku zanyama nthawi zambiri chimakhala ndi mankhwala oteteza matenda otsekula magazi, amene sanapangidwire mbalame yotereyi. Mufunse thumba loyambirira, muone tsiku lothera ntchito. Akazengereza, bwererani.

Tsopano bodza lalikulu lija: "Ingochotsani njere zonse, ikamva njala idya yokha." Galu akhoza kutero. Cockatiel imene yakula ndi njere sidziwa n'komwe kuti peleti ndi chakudya. Kwa iyo ndi kamwala. Imalemera magalamu 80 mpaka 120 okha, ndipo masiku awiri kapena atatu osadya akhoza kuipha mbale ili yodzaza pafupi. Mwini wake amanyengeka poona ufa wa mapeleti pansi pa khola, n'kumati ikudya, pamene imangowaphwanya ndi mlomo n'kutaya.

Choncho musanatumitse mapeleti, gulani sikelo ya kukhitchini yoyeza galamu imodziimodzi. Imeneyo ikupezeka m'mashopu a mu Old Town, simufunika ife. Yezani mbalame m'mawa uliwonse isanadye, muli mutaiika m'kabokosi kamene mwayeza kale, ndipo lembani m'kope. Yambani kuyeza sabata yathunthu musanasinthe chilichonse kuti mudziwe kulemera kwake kwenikweni. Ikatsika ndi 10 peresenti, mwachitsanzo kuchoka pa 90 kufika pa 81, bwezerani njere tsiku lomwelo, idye mmene ikufunira, mudzayambirenso ikabwerera mwakale. Muzigwiranso pachidale: fupa lapakati likayamba kuthwa pa chala, yaonda kale ngakhale nthenga zikubisa.

Njira yosakaniza njere ndi mapeleti m'mbale imodzi, kotala sabata yoyamba, theka yachiwiri, ndi imene imalembedwa pa matumba ambiri. Ine sindiikhulupirira pa mbalame yovuta, chifukwa imatola njere zonse n'kudikira mawa. Yothandiza ndi ya nthawi. Mapeleti akhale m'mbale imene inazolowera kudyeramo, tsiku lonse. Njere muziipatsa m'mbale ina, mphindi 30 m'mawa ndi 30 madzulo, n'kuchotsa. Ikayamba kulawa mapeleti, siyani njere za m'mawa, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene imakhala ndi njala kwambiri. Za madzulo muziipatsabe kuti isagone ndi njala.

Kuti ilawe, kumbukirani kuti cockatiel imakonda kutola chakudya pansi. Mwazani mapeleti ochepa pa mbale yafulati kapena pa thaulo loyera patebulo, muzigogoda ndi chikhadabo pafupi nawo ngati mukujompha. Imabwera kudzaona. Ina imakopeka mukaika kagalasi pansi pa mapeletiwo, imaona ngati mnzake akudya. Ikakanabe, sinjani mapeleti, thirani madzi ofunda pang'ono akhale ngati phala lolimba, mukanikiziremo mawere kuti pozula njere izilawa phalalo. Zonyowazo muchotse pakatha maola awiri, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, chifukwa zimasasa msanga.

Zitosi ndi zimene zimanena zoona. Yalani pepala loyera pansi pa khola, musinthe tsiku lililonse. Mbalame ya njere imachita zitosi zobiriwira zokhala ndi koyera. Ikayambadi kumeza mapeleti zimasanduka zofiirira, zokulirapo, zofewa pang'ono, ndipo imamwa madzi ambiri, choncho muziwasintha kawiri patsiku poti ina imaviikamo chakudya. Zikakhala zochepa, zing'onozing'ono, zakuda kapena zobiriwira kwambiri, sikudya. Ikafufuma nthenga n'kumasinza masana, kapena kukhala pansi pa khola, musafunse pa gulu la WhatsApp. Ipatseni njere, ifunditseni, thamangirani kwa dokotala wa ziweto.

Ena zimawatengera sabata zinayi, ena miyezi itatu kapena kuposa. Musayambe mbalame ikudwala, ikuthothoka nthenga, ikuikira mazira, itangofika kumene pakhomo, kapena m'chisanu cha Juni ndi Julayi pamene thupi likufuna chakudya chambiri. Ndipo cholinga si mapeleti okhaokha. Akhale magawo awiri mwa atatu a chakudya chake, kwinako masamba ndi njere zokwana supuni yaing'ono. Apa inu a ku Lilongwe muli ndi mwayi kuposa ife: bonongwe, mpiru, kaloti, dzungu ndi mbatata yofiira mkati yophika zili pamsika uliwonse, muzingotsuka bwino chifukwa cha mankhwala opopera. Peyala, anyezi, chokoleti, khofi ndi zamchere, ayi. Mtedza wa pamsika nawonso ayi, chuku chake chimawononga chiwindi.

Inu amene mukulota zoweta ma cockatiel 20 kuti muzigulitsa ana, mukudalira m'bale mmodzi wa ku Joni, werengani kaye. Mbalame 20 zimadya makilo 9 pamwezi, mwezi uliwonse, kaya m'bale wanuyo ntchito yatha, kaya wonyamula wakhala masiku paboda. Ngati mulibe njira yodalirika yopezera thumba lina loyambalo lisanathe, za mapeleti musayambe n'komwe. M'malo mwake chepetsani mpendadzuwa, muzimeretsa mawere ndi mapira masiku awiri mukutsuka kawiri patsiku, onjezani masamba, dzira lowiritsa pang'ono kamodzi pa sabata ndi fupa la cuttlefish (nyama ya m'nyanja ya mchere) lopatsa kashiyamu m'khola. Amene mwayamba kale, itanitsani thumba lachiwiri loyamba likafika theka, mtundu womwewo, chifukwa kungosintha mtundu wa mapeleti mbalame ina imayambiranso kukana.