Kutsukidwa mano pansi pa nkhama: ndapereka nyenyezi 4 mwa 5

Papita miyezi itatu chilandirireni chithandizochi, ndiye tsopano ndingathe kunena mmene chandithandizira popanda kutengeka ndi za tsiku loyamba.

Kwa zaka ziwiri, ndikamatsuka mano ndinkalavula thovu lofiira. Ndinkangoti vuto ndi mswachi wolimba. Ndinagula wofewa, kenako ndinayamba kulambalala malo amene ankatuluka magaziwo. Popeza sizinkapweteka, ndinazengereza. Amene anandidzutsa ndi akazi anga, atandiuza mwaulemu kuti fungo la m'kamwa silikutha ngakhale nditangotsuka kumene. Nthawi yomweyo dzino lina lam'munsi linali litayamba kugwedera ndikalikankha ndi lilime.

Tsiku loyamba adokotala sanatsuke chilichonse, ndipo apa ndi pomwe anandigwira mtima. Anatenga kachitsulo kowonda kokhala ndi timizere n'kumakalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama, malo 6 pa dzino lililonse, akutchula manambala, wowathandiza akulemba. Nditafunsa, anandifotokozera kuti nkhama yabwino imagwira dzino mothina moti kachitsuloko kamalowa mamilimita 1 mpaka 3 okha. Ine kumano a chibwano ankatchula 5, pena 6. Pa chithunzi cha X-ray anandilozera ndi chala pamene fupa logwira manowo layamba kudyeka.

Kufotokoza kwawo kunali komveka. Chiseyeye chimayamba ndi kalitsiro kofewa, konanda, kodzaza ndi tizilombo, kamene kamaunjikana m'mphepete mwa nkhama. Kakasiyidwa kamauma gwa ngati mwala, ndipo pamenepo mswachi sungakathenso. Poyamba nkhama zimangotupa n'kumatuluka magazi, ndipo zimenezi zimachira bwinobwino. Koma matendawo akafika pa fupa, chomwe chingachitike ndi kuwaimitsa basi, fupa lodyekalo silibwerera lokha. Anandifunsanso ngati ndimasuta fodya kapena ndili ndi matenda a shuga, chifukwa shuga amakulitsa vutoli, pamene fodya amabisa magazi, munthu n'kumaganiza kuti ali bwino. Zinandiwawa mumtima kudziwa kuti malo amene ndinkawalambalala aja ndi omwe ankafunika kutsukidwa kwambiri.

Kutsukako anakugawa pawiri, mbali imodzi tsiku lina, inayo sabata yotsatira. Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, choncho ululu sindinaumve. Chovuta ndi phokoso la kamakina kawo konjenjemera, kolira kuti tsiii, kakuthira madzi m'kamwa, ndi kukhala chiyasamire nthawi yaitali. Nditachukucha n'kulavula, ndinaona tizidutswa takuda ngati mchenga. Ndinadabwa kuti zonsezo zinkakhala pansi pa nkhama zanga.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa sanandichenjeze za masiku otsatira. Kwa milungu iwiri, madzi ozizira ankandibaya mpaka m'mutu. Kenako nkhama zitaphwa, mano anaoneka ngati atalika, ndipo pakati pa am'munsi panaoneka timipata takuda. Usiku umenewo sindinagone, ndikuganiza kuti andiwononga. Nditaimba foni ndi pamene anandiuza kuti mipatayo inalipo kale, kungoti inkabisidwa ndi kutupa komanso litsiro louma lija. Mawu amenewa akanawanena ndisananyamuke pampando, bwenzi mtima wanga uli m'malo. N'chimodzimodzinso ndi mankhwala ochukuchira m'kamwa a chlorhexidine amene anandilembera kwa milungu iwiri. Amagwira ntchito, koma anandidetsa lilime ndi mano, ndipo chakudya sichinkamveka kukoma. Zakuti ndizidikira kaye ndikatsuka mano ndisanachukuche, poti mankhwala otsukira mano amawafooketsa, ndinachita kuwerenga ndekha pakapepala ka m'bokosi.

Chomwe ndiwayamikira koposa ndi timiswachi ting'onoting'ono tolowetsa pakati pa mano. Sanangonditchulira ayi. Anandigwiritsa galasi, n'kundiyesa saizi yoyenera mpata uliwonse, n'kundiuza kuti ndichite ndekha iwo akuyang'ana. Masiku oyambirira magazi ankatuluka kuposa kale, moti ndinatsala pang'ono kusiya. Anali atanenetsa kuti ndisasiye, ndipo patatha masiku khumi kamswachiko kanayamba kutuluka koyera.

Patatha milungu 8 anandiyezanso ndi kachitsulo kaja. Pamene panali 6 panafika 4, pamene panali 5 panabwerera pa 3. Fungo lija linatha, akazi anga ndi mboni. Dzino lam'munsi lija likugwederabe pang'ono, ndipo adokotala sanandinamize kuti lilimba ngati kale, anangoti tililondalonda. Andiuza kuti ndizipita miyezi itatu iliyonse. Ulendo wotsatira ndikapita ndi mng'ono wanga, amene naye ndamuona akulavula thovu lofiira.