Miyezi 9 ndi Forerunner 255, nkhani ya Unproductive ija ndaimvetsa tsopano

Wotchi yangayi, Garmin Forerunner 255, anandibweretsera ndi achimwene kuchokera ku Johannesburg mu Febuluwale, nde pano yatha miyezi 9 ili pamkono usana ndi usiku, ndimangoivula potchaja basi. Za batire sindichedwapo, imandifikitsa masiku 10 ndikuthamanga kanayi pa sabata, magetsi azime asazime ine sizindikhudza. Chomwe ndikufuna tikambirane ndi kamawu kamodzi koti Unproductive komwe kamatuluka pa Training Status, gawo lomwe wotchi imakuuzira ngati kuthamanga kwako kukukupindulira, chifukwa kanandivutitsa mutu kwambiri ndipo anzanga awiri omwe timathamanga limodzi Loweruka nawonso akulimbana nako.

Miyezi yozizira ija zinthu zinali bwinobwino, Juni ndi Julayi wotchi imangolemba Productive (ukupita patsogolo), kobiriwira, pena Maintaining (mphamvu zili pomwepo), VO2 max yanga, nambala yosonyeza kuchuluka kwa mpweya womwe thupi limatha kugwiritsa ntchito ukamathamanga mwamphamvu, inakwera kuchoka pa 44 kufika 47 ndipo mtima unali mmalo. Kenako Okutobala anafika. Tsiku lina ndanyamuka ku Area 47 cha mma 5 koloko madzulo, kudutsa cha ku Bingu National Stadium nkubwerera, makilomita 10, dzuwa likadali kuswa mtengo, fumbi mkamwa, malaya onse ali nyowe, ndafika pageti ndadina stop ndikupuma wefuwefu, kuyang'ana pamkono alemba Unproductive, kaolenji. Abale zinandiwawa. Munthu wakhetsa thukuta lonselo nkukuuza kuti palibe chomwe ukupindula? Ndipo kanakhala pompo pafupifupi masabata atatu.

Chomwe ndinachita nthawi imeneyo ndi chomwe ndikupempha inu musachite, ndinawonjezera moto. Ndinkaganiza kuti mawuwo akutanthauza ulesi nde ndinayamba kuthamanga mwamphamvu pafupifupi tsiku lililonse, miyendo inalemera ngati ndamangirira njerwa, VO2 max nkutsikiranso pa 45.

Nditakhala pansi nkuwerenga bwino mpomwe ndinamva mmene zimayendera. Masamu ake ndi a Firstbeat Analytics, kampani ya ku Finland yomwe Garmin inagula mu 2020, ndipo wotchi imayang'ana zinthu zitatu, komwe VO2 max yako ikulowera, katundu amene wasenzetsa thupi masiku 7 apitawa yemwe amamutcha acute load, ndi HRV ya usiku, yomwe ndi kasinthasintha ka nthawi yapakati pa kugunda kwa mtima kumodzi ndi kunzake. Unproductive sakunena kuti sukulimbikira ayi, akunena kuti ntchito ukugwira yokwanira koma mphamvu zikuoneka ngati zikutsika, nde mwina thupi silikupeza mpata wochira. VO2 max yakenso sikuti wotchi imayeza mpweya ngati ku labu, imangoyerekeza liwiro lako ndi kugunda kwa mtima. Ukathamanga liwiro lomwe lija koma mtima ukugunda kwambiri kuposa kale, iyo imati munthuyu wafooka. Tsono kutentha kwa Okutobala ku Lilongwe kumachita zomwezo ndendende, mtima umagwira ntchito ziwiri, kupititsa magazi ku miyendo komanso ku khungu kuti thupi lizizire.

Apa mpomwe ndinapeza kuti vuto lina linali langa. Wotchiyi imatha kuganizira za kutentha kukapitirira madigiri 22, komanso kukwera kwa malo kupitirira mamita 800, ndipo Lilongwe ali pamwamba pa mamita 1,000. Koma za kutenthazo imadalira nyengo yochokera pa foni yolumikizidwa, ine Bluetooth ndinkathimitsa posunga batire ya foni, bandulo nayo pena inkakhala itatha, nde wotchi inkawerengera ngati ndikuthamanga kozizira. Nditayamba kuonetsetsa kuti yalumikizana ndi Garmin Connect, app yake ya pa foni, ndisanatuluke, manambala anasiya kugwa chisawawa.

Chachiwiri chinali max heart rate, mulingo wapamwamba kwambiri womwe mtima wako ungagunde pa mphindi imodzi. Ndili ndi zaka 38 nde ndinangoikamo 182 potsata kawerengedwe kaja ka 220 kuchotsera zaka, koma pa chitunda china nditabwereza kukwera kasanu ndi lamba wa pachifuwa woyezera kugunda kwa mtima wobwereka ndinaona 191. Kusiyana kwa 9 kukuoneka kochepa eti, koma kumasuntha mazoni onse, magawo omwe wotchi imagawira kugunda kwa mtima kuyambira kofewa mpaka kolimba, kuthamanga komwe kwa ine kunali kwapakatikati wotchi inkakuona ngati ndatsala pang'ono kugwa. Chachitatu ndi kamangidwe. Ndinkaimanga mokhwepa pafupa penipeni pa dzanja, nde tsiku lina tikuthamanga pang'onopang'ono tikucheza nkhani za mpira wotchi ikuti mtima uli pa 172, pomwe ine ndikuyankhula bwinobwino osabanika. Kanyali kobiriwira ka kunsi kwa wotchi koyezera mtima kanali kakuwerenga masitepe mmalo mwa mtima chifukwa wotchi imagwedera. Ikwezeni pang'ono kumtunda kwa fupalo, mangani bowo limodzi kuwonjezera pothamanga. Ine ndinamaliza nkugula lamba wanga wa pachifuwa ndipo pa zonse zomwe ndawonongerapo ndalama pa masewerawa, iyeyu ndiye sindidandaula naye olo pang'ono.

Gawo lina la pa wotchi lotchedwa Load focus nalo linandiuza zoona zomwe sindinkafuna kumva. Limagawa kuthamanga kwa masabata 4 apitawa patatu, low aerobic (kofewa), high aerobic (kopanikiza) ndi anaerobic (kwa liwiro lalikulu kwa nthawi yochepa), ndipo ine pafupifupi zonse zinali pa high aerobic, kutanthauza kuti tsiku lofewa ndinalibe, lililonse ndinkathamanga mopanikiza. Kuphunzira kuyenda pang'onopang'ono anthu akukupitirira pamsewu nkovuta kuposa mmene mungaganizire, koma mpomwe miyendo inayamba kupepuka.

Pomwe wotchiyi inandipatsa ulemu weniweni ndi kumayambiriro kwa Novembala. HRV imafuna ugone nayo pafupifupi masabata atatu kuti idziwe mulingo wako, kenako imayerekeza avereji ya masiku 7 ndi mulingowo. Yanga imakhala cha mma 50, koma sabata imeneyo inkangotsika usiku uliwonse, kugunda kwa mtima popuma kwakwera, status nkusintha kukhala Strained, kutanthauza kuti thupi lapanikizika, ine ndikumva bwino ndithu kupatula kaulesi kapatalipatali. Patatha masiku awiri mutu, kuzizidwa, mfundo zonse kuphwanya, kupita kuchipatala kukayezetsa anandipeza ndi malungo. Wotchi si dokotala ndipo siinanene kuti ndi malungo, inangoona kuti thupi likulimbana ndi chinachake ine ndisanazindikire. Ndikumwa mankhwala ndinaika Training Status pa pause, njira imeneyo ilipo ndipo ambiri saidziwa, imathandiza kuti usamadzuke nkuona Detraining (mphamvu zikutsika chifukwa chosathamanga) uli pabedi mtima nkumakukoka kuti utuluke usanachire.

Pano ndikadzuka ndimayamba ndamvetsera thupi, miyendo ili bwanji, ndagona bwanji, kenako HRV, kamawu kaja ndimakaona komalizira ndipo ka tsiku limodzi sindikatengera, ndimadikira kakhale sabata yathunthu. Amene mukufuna kugula, ngati simugona nayo komanso simukonza max heart rate yanu, Training Status ingokusokonezani, koma mukakonza ziwirizo ndi yothandiza zedi. Yanga lero ikuti Maintaining, VO2 max 46, ndangochira kumene nde ndakhutira nazo. Loweruka tili ndi makilomita 14, tinyamuka 5 koloko mmamawa kusanatenthe, ndipo ndawauza kale anzanga aja kuti akafuna kuthamangitsana andisiye mmbuyo.