Nyimbo ya mphatso pa ukwati wa mwana wa mlongo wanga

Mwana wa mlongo wanga atatiuza kuti tsiku la ukwati latsimikizika, ine monga malume wake komanso nkhoswe yake ndinavutika ndi nkhani ya mphatso, podziwa kuti mapoto, mbale ndi mabulangete zidzachuluka kuchokera kwa ena. Mapeto ake ndinaganiza zopangitsa nyimbo yatsopano yonena za iwo awiri okha, ndipo ntchitoyi ndinaipereka kwa wopeka nyimbo wina amene ali ndi situdiyo yaing'ono kuseri kwa nyumba yake ku Highfield, muno mu Harare.

Chimene chinandikhutiritsa koposa ndi mmene bamboyu anayambira ntchito. Tsiku loyamba sanakhudze gitala ngakhale pang'ono, koma anatenga kope ndi cholembera n'kundiuza kuti, "Achimwene, ndiuzeni kaye kumene mwanayu anachokera." Ndinamufotokozera za bambo anga amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, n'kudzakhala ku Mbare pamene deralo linkatchedwa Harari ndipo mzinda uno unali Salisbury. Anafunsa za mfunda wa mayi anga, za mtupo (mfunda wa Chishona) wa mkwati yemwe ndi Mshona, ngakhalenso za kumene anawa anakumanirana, ndipo madzulo ena anapita yekha kwa mayi anga kukamva nyimbo zimene ankaimba pa zinkhoswe ali mtsikana. Munthu wongofuna ndalama sakanadzivutitsa chotero, ndipo chifukwa cha khama limeneli nyimboyo inatuluka yathu ndithu, yosatheka kuimbidwa pa ukwati wa banja lina.

Pa kamvekedwe, iye ankakonda sungura yokhayokha, chamba cha nyimbo zovina za magitala cha kuno ku Zimbabwe, n'kumandikumbutsa kuti oimba akuluakulu a chamba chimenechi, monga Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, ndi a m'mabanja ochokera ku Malawi. Ine ndinkafuna kuti okalamba nawonso aimve ngati yawo, choncho tinagwirizana kuti iyambe mofatsa ngati kwaya ya amayi a ku CCAP, mawu okha ndi ng'oma imodzi, kenako besi ndi gitala zilowe kuti achinyamata avine. Kuphatikiza kumeneku anakuchita mwaluso, moti malo amene nyimbo ikusinthira liwiro samveka ngati chigamba.

Zolakwika zinalipo, ndipo chachikulu chinali Chichewa cha mtsikana amene anaimba mawu otsogolera. Mawu ake ndi okoma kwambiri, koma anakulira m'Chishona, ndipo pa chojambula choyamba chimene ananditumizira pa WhatsApp, pamene tinalemba kuti "khalani mwamtendere" panamveka "kalani", ngati tikuuza banja latsopano kuti lizikalana. Pa ndime yofanizira banja ndi mtengo wa mkuyu, kukwera ndi kutsika kwa nyimbo kunachititsa kuti liwu lakuti mtengo limveke ngati mtengo wa malonda. Wopekayo sanazindikire zimenezi, pakuti Chichewa chake, monga cha ana ambiri obadwira kuno, n'chongolankhulira pakhomo. Ndinakhala m'situdiyomo Loweruka lathunthu ndikubwereza mawu amodziamodzi pamodzi ndi woimbayo, ndipo ndiyenera kuyamikira kuti onse awiri anadzichepetsa n'kujambulanso popanda kulipiritsa zoonjezera. Aliyense wofuna nyimbo ya Chichewa muno mu Harare asavomere chojambula chomaliza munthu wamkulu wodziwa bwino chiyankhulo asanachimvetsere.

Nthawi nayonso sinasungidwe, chifukwa masabata atatu amene analonjeza anafika asanu, mwina chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi ndi kujambulanso kuja. Malipiro tinapangana m'madola a ku America, theka poyamba ndi theka pomaliza, koma sitinalemberane kalikonse za mwini wake wa nyimboyo, ndipo funso lakuti kaya iye angaiike pa YouTube kapena ayi linabuka ukwati utatha. Tinamvana bwinobwino, komabe nkhani yotere ndi yoyenera kulemba papepala ntchito isanayambe.

Pa tsiku la phwando nyimboyo inaikidwa nthawi ya perekaniperekani itangoyamba. Itafika ndime yotchula Dedza ndi mfunda wawo, mayi anga, amene masiku ano amayenda ndi ndodo, anaimirira okha, anamanga bwino chitenje chawo, n'kuimba nthungululu yaitali mpaka akuchimuna anayamba kuomba m'manja mwa Chishona. Anamasula mfundo ya pa mpango wawo, natulutsamo dola imodzi yopindapinda, ndipo m'malo mokaiponya m'lichero la akwati, anakaipereka m'manja mwa wopeka nyimbo uja amene anaima pafupi ndi zokuzira mawu.