Ine wa Maule ndinakapezeka ku Wanderers: za SA20 ndi ngati tikiti yake ikuyenera ndalama yanu

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine kiriketi sindinakule nayo. Ndine wa mpira wa miyendo, wa Maule weniweni wobadwira ku Ndirande, ndiye tsiku lomwe alamu anga anaimba foni kuti "alamu konzekani, Loweruka tikupita ku Wanderers" ndinayamba ndaseka kaye, ndinati ine ku Manoma ndikatani, mpaka kuno ku Joni mukufuna mundigulitse? Iwo amvekere ayi si Noma yanu ya pa Lali Lubani iyo, iyi ndi sitediyamu ya kiriketi ili ku Illovo kufupi ndi Rosebank. Illovo yakenso si ya shuga wa ku Nchalo ayi, ndi dera chabe la anthu a ndalama zawo. Matikiti anagula okha pa foni, ine ndinangovala jekete nkumatsatira.

Mwachidule kwa amene mulibe nthawi yowerenga zonsezi, SA20, ligi ya kiriketi ya ku South Africa yomwe tinakaonayi, ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodzi ndachotsayo ndifotokoza pansipa chifukwa chake, ndipo si nkhani ya mvula ngakhale inatinyowetsa.

Choyamba chimene chinkandiopsa ndi choti kiriketi yomwe ndinkaiona pa TV kunyumba kwa abwana ena omwe ndinkawagwirira ntchito inali ija ya zovala zoyera, yoseweredwa masiku 5, anthu nkupuma kukamwa tiyi kenako pamapeto nkumva kuti palibe wapambana. Zimenezo ine ayi. Koma iyi ya T20 ndi ina. Timu iliyonse imapatsidwa maova 20, ova imodzi ndi mipira 6, ndiye kuti mipira 120 basi, menyani mmene mungathere, mukatha anzanu alowe ayese kupitirira pomwe mwafika. Maola atatu ndi kanthu gemu yatha. Alamu anandilongosolera ngati raundasi ija atsikana ankasewera pa buleki ku pulayimale, kungoti apa wothamanga amangobwerera pakati pa timitengo titatu uku ndi titatu uko, ndipo mpira ukagubuduka mpaka kudutsa chingwe cha kumalire ndi 4, ukadutsa m'mwamba osagunda pansi ndi sikisi. Zinandilowa m'mutu pasanathe maova atatu, zomwe sizinandilowe mpaka lero ndi LBW, lamulo lotulutsa womenya mpira ukamugunda mwendo patsogolo pa timitengo, apo ndimangodikira ampaya akweze chala ine nkukuwa nawo limodzi ndi anthu.

Pali kanthu kena kamene kanandisangalatsa nditakamvetsa. Maova 6 oyambirira amawatchula powerplay, nthawi imeneyo oteteza awiri okha ndi amene amaloledwa kuima kutali kunja kwa mzere wozungulira uja, ena onse amakhala pafupi, ndiye omenya amadziwa kuti kumbuyoko kuli pululu, amangokweza mpira. Musachedwe kulowa, anthu ambiri amataya gawo lokoma limeneli ali pa mzere wa zakumwa. Komanso woponya mmodzi saloledwa kupyola maova 4, ndiye kaputeni amakhala akusunga woponya wake wabwino ngati mmene mayi amasungira ndiwo za alendo, kudikira nthawi yoyenera.

SA20 inayamba mu January 2023 ndipo amene amaiyendetsa ndi Graeme Smith, kaputeni wakale wa Proteas, timu ya dziko la South Africa. Matimu alipo 6, Joburg Super Kings omwe kwawo ndi pa Wanderers pomwepo, Pretoria Capitals ku Centurion, Durban's Super Giants ku Kingsmead, MI Cape Town ku Newlands, Paarl Royals ku Boland Park ndi Sunrisers Eastern Cape ku St George's Park ku Gqeberha. Aliyense amakumana ndi mnzake kawiri, kwawo ndi koyenda, kenako 4 apamwamba amapita ku ndime yochotsana, zonse zimatha m'mwezi umodzi ndi masiku ochepa. Sunrisers anatenga chikho 2023 ndi 2024 motsogozedwa ndi Aiden Markram, kenako 2025 MI Cape Town anawagonjetsa mu fainolo pa Wanderers pomwepa.

Tsopano za mkatimo. Abale anga, kunena zoona anthu awa kukonza chisangalalo amatha. Ife tinazolowera kuti ukapita ku mpira umapita wekha ndi anyamata anzako, akazi ndi ana amatsala kunyumba chifukwa sudziwa kuti kutha bwanji. Kuno ndinaona agogo, makanda, atsikana a sukulu, azungu, amwenye, akuda, onse chikasu chokhachokha chifukwa ndi mtundu wa Super Kings, ndipo wa timu inayo atakhala pakati pawo ndi jezi yake palibe womukhudza, amangomuseka basi mnzake akatuluka. Pakati pa mpira ndi mpira DJ amaponya amapiano, sikisi ikamenyedwa moto umalilima m'mbali mwa bwalo mpaka kutentha kwake umakumva pankhope ngati wakhala pafupi, ndiye pali mawezulo, eeh mawezulo amenewo, Super Kings nkhani yawo ndi yoimba wezulo ndiye mwana aliyense ali ndi yake pakamwa kuyambira 5 koloko mpaka usiku, ngati mutu umakuvutani tengerenitu panado.

Bwalo lenilenilo amalitcha Bullring chifukwa mipando inazungulira mothina ndipo phokoso silithawa. Lili pamwamba, Joni ili mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka ndiye mpira umauluka kwambiri kusiyana ndi ku Durban kapena ku Cape Town, nchifukwa chake omenya amapakonda pomwe oponya amalira napo. Alamu sanachedwe kundiuza za gemu ya 2006 pomwe Australia inamenya 434 mu maova 50 anthu nkumati zatha, South Africa nkubwera kumenya 438 tsiku lomwelo pa bwalo lomwelo. Amaikamba ngati analipo chonsecho nthawi imeneyo anali ku Mulanje akuthyola tiyi.

Ndiye pali mpikisano uja woti sikisi ikagwera kwa oonera, munthu wamkulu akauwakha ndi dzanja limodzi amalowa m'gulu logawana ndalama, chaka choyamba inali R1 miliyoni kenako anaikweza kufika R2 miliyoni. Izi zimapangitsa kuti aliyense akhale maso. Alamu anga omwe bondo limawavuta chaka chonse ndinawaona akudumpha mipando iwiri kuthamangira mpira womwe unagwa mizere khumi kutsogolo kwathu, chakumwa chonse chinathera pa thalauza la bambo wina yemwe mwamwayi anangoseka. Koma chenjezo, mpira umenewu ndi wolimba ngati mwala, si chikulunga ayi, ngati muli ndi mwana wamng'ono muziyang'ana komwe ukupita osamangokhala pa foni.

Mvula. January ku Joni mukudziwa kale, masana dzuwa lowotcha, madzulo mitambo yakuda ndi ziphaliwali. Ifenso inatipeza, osewera anathawira mkati, anyamata a pabwalo anakoka malona kuphimba pakati paja, tinakhala tikudikira pansi pa denga mothithikana. Itasiya anachepetsa maova nkuwerengera chigoli chatsopano ndi masamu ena otchedwa DLS omwe ngakhale alamu anangoti tingokhulupirira zomwe zalembedwa pa sikirini. Chofunika kudziwa nchoti timu iliyonse ikuyenera kumenya maova osachepera 5 kuti gemu iwerengedwe. Ngakhale fainolo yoyamba ya 2023 inasunthidwa ndi tsiku limodzi chifukwa cha mvula yomweyi, ndiye tengani jekete ya mvula, musadalire mwayi.

Zakudya sindikambapo zambiri, mitengo ya m'sitediyamu ndi ya m'sitediyamu kulikonse, ife tinadyeratu nsima kunyumba ndipo sitinanong'oneze bondo. Pobwerera ndiye pamafunika mutu, gemu yamadzulo imatha usiku maminibasi atasiya kuyenda, ndipo magalimoto oitana pa foni aja mtengo umakwera chifukwa aliyense akuitana nthawi imodzi. Dalaivala woyamba anatilandira kenako nkutikana titamudikira mphindi 20, mxii. Tinayenda wapansi kutalikirako pang'ono ndi gulu la anthu ndi pomwe tinapeza wina. Konzeranitu za ulendo wobwerera musanachoke pakhomo, makamaka ngati mumakhala kutali ngati Tembisa kapena Diepsloot.

Tsopano nyenyezi ndinachotsa ija.

Ndili mkati mokuwa ndinafunsa alamu kuti kodi dzina loti Super Kings likukhudzana bwanji ndi Joni, iwo anati silikukhudzana, eni ake ndi a Chennai Super Kings a ku India. Ndipo si iwo okha, matimu onse 6 eni ake ndi a matimu a IPL, ligi ya kiriketi ya ku India, MI ndi Mumbai Indians, Royals ndi a Rajasthan, Capitals ndi a Delhi, Super Giants a Lucknow, Sunrisers a Hyderabad, mayina, mitundu ya jezi, zonse anangozinyamula kuchokera kumeneko nkumatapo dzina la malo a kuno. Osewera ambiri amagulidwa pa okushoni ngati fodya ku Kanengo, pa okushoni yoyamba mu 2022 Tristan Stubbs anapita pa R9.2 miliyoni. Zotsatira zake nzoti Kagiso Rabada, mwana wobadwira mu Joni muno, yemwe timu yake ya kuchigawo ndi Lions ya pa Wanderers pomwepa, mu SA20 wakhala akusewerera Cape Town, chimodzimodzi Ryan Rickelton ndi Rassie van der Dussen. Ndiye fainolo ya 2025 ija anyamata a pakhomo anatenga chikho pa bwalo lakwawo atavala jezi ya mzinda wina. Ine wokulira pa Bullets ndi Noma, pomwe timu ndi nkhani ya banja, agogo ako anali kumeneko iwenso udzafera komweko, izi zimandivuta kuzimeza. Ukuwa inde, usangalala inde, koma timu ikaluza sugona ndi njala, pofika pa geti waiwala kale.

Chinanso chomwe anthu okonda kiriketi sanaiwale ndi cha February 2024. South Africa inkayenera kukasewera ma Test awiri, kiriketi ya masiku 5 ija, ku New Zealand nthawi yomweyo SA20 ili mkati, ndiye akatswiri onse anatsala kuno kusewera ligi, kunapita timu ya anyamata ambiri osadziwika, kaputeni wake Neil Brand anali asanaseweleko Test ngakhale imodzi, anakaluza onse awiri. Taganizani Flames ikupita ku ma qualifier ndi timu yachiwiri chifukwa osewera enieni ali bize ndi bonanza. Mbali ina ndimawamvetsa, anayesapo kawiri kuyambitsa ligi ngati imeneyi, Global League ya 2017 inafa isanayambe nkomwe, Mzansi Super League inangoseweredwa 2018 ndi 2019 basi, ndiye iyi itagwira sakufuna chilichonse chiisokoneze chifukwa ndi imene ikubweretsa ndalama. Komabe zinaonetsa poyera kuti wamkulu ndani pakhomopo. Onjezani kuti dzina la mpikisano wonse lanyamulidwa ndi kampani ya kubetcha, kulikonse komwe diso lagwera pali chikwangwani chake ana ali pomwepo, ife tikudziwa mmene kubetcha kwathera anyamata kwathu.

Chifukwa cha chidwi miyezi ingapo itadutsa ndinabwereranso ndekha kukaona mpikisano winawo, CSA T20 Challenge, womwe ndi wa matimu enieni a zigawo, Lions, Titans, Dolphins, Warriors, Western Province, Boland ndi ena. Bwalo lomwelo, malamulo omwewo, tikiti yotsika kwambiri, koma mipando mbee, ukanatha kugona pa mizere itatu wekha. Ndinkamva mpaka mawu a wogwira kumbuyo kwa timitengo uja akulimbikitsa woponya. Kumeneko ndi komwe anyamata amakulira asanagulidwe pa okushoni, ndipo bambo wina wachikulire yemwe ndinakhala naye pafupi anandiphunzitsa zambiri pa maola atatu kuposa zomwe ndinatola pa phokoso lonse la January, anandionetsa chifukwa chake woponya mozungulitsa mpira amabwera pakatikati pa gemu ndi chifukwa chake kaputeni amasuntha munthu mmodzi masitepe asanu okha. Ndiye ngati mukufuna phwando pitani ku SA20, ngati mukufuna kuphunzira masewerawo muli phee pitani ku Lions, ine ndikanakonda anthu a ku phwando aja theka lawo lokha akanamabwerako kunonso.

Kwa amene muli kumudzi, magemuwa amaonetsedwa pa SuperSport ndipo nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, ndiye amakupezani mwaweruka kale. Ndipo musamati ndi masewera a azungu ndi amwenye okha, Malawi ili nayo timu yake ya dziko, mu 2019 inalandira Mozambique pa Kwacha Cup.

January ikubwerayi alamu akuti tipite ku Centurion chifukwa kumeneko kuli kapinga wamkulu woti umayala chitenje nkukhala pansi ndi ana, ine mtima uli ku Gqeberha kukamva bandi ya malipenga ya pa St George's Park yomwe ndimangoimvera pa TV, koma thiransipoti yake ndiye kaya. Wezulo yachikasu ija ndinabwera nayo kunyumba, mwana anaiimba masiku awiri, tsiku lachitatu mayi ake anaibisa ndipo mpaka lero akukana kunena komwe ili.