Patha miyezi 16 chikonzereni nyumba yathu ku Machinjiri

Tinayamba kuganiza zokonza nyumba namondwe Freddy atagwetsa khoma la khitchini yathu mu Marichi 2023. Ife zinatiyendera bwino poyerekeza ndi anzathu a ku Chilobwe amene anataya abale ndi katundu yense. Poti khoma linali litagwa kale, ine ndi bambo a kunyumba tinagwirizana kuti tisangotseka pogumukapo, koma tikonze nyumba yonse kuti igwirizane ndi mmene timakhalira. Tilipo anthu 7: ife awiri, ana athu atatu, mwana wa achemwali anga, ndi amayi anga amene anadwala sitiroko, moti mwendo ndi dzanja lakumanzere zilibe mphamvu.

Tisanaitane mmisiri, ndinatha sabata yathunthu ndikungoyang'ana mmene timayendera m'nyumbamu kuyambira mbandakucha. Ndinaona kuti m'mawa uliwonse pakhomo la bafa pamakhala mzere, amayi amadikira ana onse apite kusukulu kuti wina awagwire dzanja potsika sitepe, ndipo nsima sitinaiphikirepo m'khitchini ya m'nyumba. Zimene tinamanga potsatira zomwe ndinaona sabata imeneyo ndi zimene zikutithandiza mpaka lero.

Bafa la amayi ndilo ndimanyadira kwambiri. Khomo tinalikulitsa kufika masentimita 90 kuti njinga ya olumala izilowa, sitepe tinachotsa, pansi tinaika matailosi okhakhala, ndipo m'khoma tinamangirira paipi yachitsulo yogwirira. Pakona pali kabenchi kasimenti. Mmisiri ankati kabenchiko kaipitsa bafa, koma ndinakakamira. Sabata yachiwiri ntchito itatha, ndinamva madzi akuthira m'bafa ndisanadzuke. Nditathamangirako ndinapeza amayi atakhala pakabenchi paja, beseni lili pamapazi, akudzithira madzi ndi kapu kudzanja lamanja. Anangoti, "Bwerera ukagone mwanawe, lero ndisamba ndekha." Panali patatha zaka ziwiri asanasambepo popanda munthu pambali. Ndinakalirira kuchipinda.

Potsetsereka pa khonde tinakanganapo ndi mmisiri. Iye ankafuna pafupi kuti simenti isathe yambiri. Mlangizi wa mafizo amene ankaona amayi anatiuza kuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 m'litali, ndiye khonde lathu la masentimita 30 linafuna mamita 3.6. Panadya malo pabwalo, koma mwana wazaka 11 amawakankha agogo ake yekha osabwerera m'mbuyo.

Khitchini yapanja tinaimanga molumikiza ndi nyumba, khoma lofika m'chiuno, pamwamba potseguka kuti utsi uzituluka, malata okwanira kuti mvula isamazime mbaula. Gasi tili naye m'nyumba wa tiyi ndi ndiwo zofulumira, koma nsima ya anthu 7 ndi nyemba zimafuna makala basi. Pambali pake pali kasitolo ka matumba a chimanga, ndipo timawasanja pamatabwa kuti asakhudze simenti. Chaka chino chimanga sichinachite chuku ngati kale.

Thanki ya malita 2,000 yatipulumutsa masiku amene mipopi yauma. Cholakwika chinali kulumikiza madzi a padenga molunjika. Mvula yoyamba ya Novembala inakokolola fumbi ndi zitosi za mbalame zonse kulowa m'thanki, ndipo tinataya madzi onse n'kuitsuka. Pano madzi a padenga amapita mumgolo wapadera wochapira ndi kuthirira ndiwo kuseri.

Zimene zandikhumudwitsa ndi zomwe ndinatengera pa zithunzi za pa Facebook. Matailosi onyezimira a pabalaza amaoneka bwino alendo akabwera, koma nthawi yadzinja ana akalowa ndi mapazi onyowa pamaterera koopsa. Amayi anaterereka kamodzi, mwamwayi anagwira mpando. Kuyambira tsiku limenelo tinayala mphasa kuchokera pakhomo mpaka kuchipinda kwawo, ndiye matailosi amene tinagula modula aja saonekanso. Chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi amazizira ngati mwala wa mumtsinje. Windo lalikulu la pabalaza nalonso tinaliyang'anitsa kolowera dzuwa osaganiza, moti mu Okutobala masana sungakhalemo. Tabzala mtengo wa mango kutsogolo kwake, koma mthunzi wake tiudikira zaka.

Ndalama zinatithera panjira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti ntchito ili pakati, ndipo simenti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo. Tinasankha kusiya siling'i ya zipinda za ana kuti timalize bafa. Sindikudandaula kuti tinasankha bafa, koma ana akuvutika: mvula ikamagwa pamalata sangawerenge chifukwa cha phokoso, ndipo m'chilimwe usiku amagona thukuta lili kamukamu. Tikanagula zipangizo zonse poyamba pamene ndalama inalipo, osati pang'onopang'ono, bwenzi siling'iyo ilipo.

Za mabuloko a simenti, amene akufuna kumanga amve izi. Tinasankha mabuloko m'malo mwa njerwa zootcha chifukwa mitengo yatha m'mapiri athu ndipo khoma limakwera msanga. Koma gulu limodzi lomwe tinagula kwa wogulitsa wina linali la mchenga wokhawokha. Ukalikanda ndi msomali limanyenyeka. Tinabweza, ndipo otsalawo tinaumbitsa pakhomo pompano n'kumawathirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata. Khoma limenelo lilibe vuto. Mng'alu umene ulipo uli pamene khoma latsopano lakumana ndi lakale, chifukwa sanalumikize ndi waya. Ndi woonda ngati ulusi, ndipo ndinaulemba ndi pensulo mbali zonse ziwiri kuti ndizione ngati ukukula. Dzinja lonse lapitali sunasunthe.

Chimene sindinachiganizire n'komwe ndi malo owerengera. Ana atatu amalimbirana soketi imodzi ndi tebulo lodyera, pamene amayi akufuna kumvera wailesi pomwepo. Mwezi wamawa kalipentala akubwera kudzakhoma thabwa lalitali m'khoma la pakhonde lakumbuyo, ndipo tikokerako nyali ya sola kuti magetsi akazima homuweki isaime. Siling'i tiyamba ndi chipinda cha atsikana tikakolola.